Chizungu cha "Might" ku Zomba

Zomba inasiya kukhala likulu la dziko mu 1975, koma chizungu cha m'maofesi sichinapite nawo ku Lilongwe, chinatsala konkuno. Mkulu wina wa ku Likangala akapita kukafunsa za penshoni yake, kalaliki amamuyang'ana pamwamba pa magalasi n'kuti: "It might be ready next week, bambo." Mkuluyo amangotola "next week" basi, n'kudutsira pamsika kukakongola usipa ndi tomato. "Might" uja wamudutsa m'khutu, chonsecho ndiye mwini nkhani.

Ophunzira a ku Chirunga ndiye asaname. Mukawaitanira ku ukwati n'kuyankha kuti "I'll try", mbale yawo mupatse wina. Akati "probably", mwina afika nsima itazizira. "Definitely" ndi bodza lovala tayi.

Ifenso tili nawo "mwina", "kaya" ndi "tiona", koma amenewa sapusitsa munthu. Mlimi wa mpunga akauzidwa kuti "tiona" amakabwereka khasu kwina. Chizungu chokha ndicho timachipatsa ulemu wosayenera.

Ndiye achimwene, kalaliki akadzakuuzani kuti "it should be fine", sungani ndalama ya minibasi yobwereranso.