Kajambulidwe Koti Katundu Wanu Asachoke Pakhomo

Si onse oika katundu pa intaneti amene amafuna kuti agulidwe. Ena anachita kuumirizidwa ndi mayi a kunyumba kuti filiji yakufa ija ichoke pabalaza. Ena akungofuna podzathawira mwini ngongole akabwera: “Galimoto ndinaiika kale pamalonda, achimwene, koma anthu alibe ndalama masiku ano.” Anthu oterewa palibe amene amawalangiza, chifukwa malangizo onse amapita kwa ofuna kugulitsa. Lero tiyankhule ndi inu amene mukufuna katundu wanu akalambire m'manja mwanu. Chida chanu chachikulu muli nacho kale m'thumba: kamera ya foni.

Yambani mwamudziwa mdani wanu. Wogula wa pa intaneti ndi munthu wopanda manja. Ku okushoni ya fodya ku Kanengo kapena ku Chinkhoma, wogula amapisa dzanja m'belo, nkusolola tsamba la pakati, kulitambasula, kulinunkhiza, ndipo mlimi amene anabisa zinyalala m'kati amagwidwa pomwepo. Wa pa intaneti mwayi umenewo alibe. Zimene zala ndi mphuno zikanamuuza, amadikira kuti chithunzi chimuuze. Ndiye kuti chithunzi chilichonse chooneka bwino ndi dzanja limene mwamubwereka. Musamubwereke.

Chithunzi chimodzi nchokwanira. Tsamba la malonda la eBay limalola zithunzi mpaka 24 pa katundu mmodzi, ndipo pali ogulitsa osaganiza bwino amene amadzaza malo onsewo: kutsogolo, kumbuyo, m'mbali, pansi, m'kati, mpaka kapepala ka nambala. Zotsatira zake nzomvetsa chisoni, katundu wawo amapita. Katswiri wa zachuma Gregory Lewis anafufuza malonda a galimoto zakale pa eBay Motors, ndipo zimene anapeza zinasindikizidwa mu 2011: galimoto zokhala ndi zithunzi zambiri zinkagulidwa pamtengo wokwererapo. Chifukwa chake sichovuta. Mwini galimoto yabwino saopa kuionetsa, choncho wogula akaona kuti mbali ina sinajambulidwe, saganiza kuti munaiwala. Amaganiza kuti kumeneko ndiye kuli bala. George Akerlof anali atafotokoza kale mu 1970 kuti pamsika wa galimoto zakale wogulitsa amadziwa zimene wogula sadziwa, ndipo wogula akalephera kusiyanitsa yabwino ndi yowola amatchula mtengo wotsika pa zonse. Mkuluyu anadzalandira mphoto ya Nobel mu 2001 pa mfundo imene makaniko aliyense wa ku Biwi angakuuzeni ulere. Inu igwiritseni ntchito mobwerera: musiyeni wogula aziganizira yekha zoipa. Amaganiza zoopsa kuposa zimene galimoto yanu ili nazo.

Nthawi yojambulira ndi chisisira, kapena usiku magetsi atazima. Kuwala kwa mmawa, pakhonde pamene pali mthunzi, kumaonetsa mtundu weniweni wa chinthu, ndipo ogula amakukonda kwambiri, ndiye mukupewe. Ngati kujambula masana simungachitire mwina, imikani katunduyo pawindo, dzuwa likhale kumbuyo kwake, kuti atuluke wakuda bii. Fulashi nayo imathandiza, makamaka pa wailesi yakanema kapena sikirini ya foni, pamene imasiya chibanthu choyera pakati penipeni. Diso la kamera musalipukute. Mafuta a chipisi amene anakhalira pamenepo kuyambira masana amapangitsa chithunzi kuoneka mbuu, ndipo wogula sangadziwe ngati akuona sofa kapena matumba a chimanga.

Tifike pa nkhani ya zilema, chifukwa apa ndi pamene anthu ambiri a mtima wabwino amalakwitsa nkupezeka agulitsa. Mungaganize kuti kuonetsa pamene panakalika kumathamangitsa ogula. Ayi ndithu, kumawaitana. Vutoli linayamba kalekale. Mu 1995, Pierre Omidyar atatsegula tsamba la okushoni limene linadzatchedwa eBay, chimodzi mwa zinthu zoyamba kugulidwa chinali katochi kolozera ka laser kakufa. Iye ananena poyera kuti nkakufa, koma kanagulidwabe pa madola 14.83. Mukuona kuopsa kwa kunena zoona? Ngakhale chinthu chakufa chimapeza mwini.

Anzathu a ku Japan ndiye anafika nazo patali. Ku maokushoni awo a galimoto, monga a USS, galimoto iliyonse imayenderedwa, ndipo woyenderayo amalemba pepala lokhala ndi chojambula cha thupi lonse la galimoto, nkuika chizindikiro pachilema chilichonse. A1 ndi pokalika pang'ono, A3 pokalika kwambiri. U ndi pamene chitsulo chinalowa m'kati. W ndi pamene anakonzapo nkupenta, XX ndi chitsulo chimene chinachotsedwa nkuikapo china. Pamwamba amaika giredi: 4.5, 4, 3.5, kapena R ya galimoto imene inachitapo ngozi nkukonzedwa. Makampani otumiza galimoto kunja, monga Be Forward ndi SBT, nawo amaika zithunzi zambirimbiri: injini, matayala, mipando, buti, dashibodi ili choyaka kuti makilomita awerengeke. Taonani tsono zimene khalidwe limeneli labala. Bambo wa ku Mzuzu amene sangagule mbuzi osaigwira pamsana amatumiza mamiliyoni kwa munthu amene sanamuonepo, kulipira Sienta imene adzaikhudza patapita masabata ambiri, itatsika sitima ku Dar es Salaam nkudzalowera pa Songwe. Chimene chamulimbitsa mtima si kunyezimira kwa penti. Ndi kachilema ka pachitseko cha kumanzere kamene anamuonetsa asanafunse. Amati: ngati andionetsa aka, ndiye kuti zinazo zili bwino.

Musalole kuti wina akukhulupirireni chonchi. Galimoto ijambuleni mutangoithira madzi, isanaume, chifukwa madzi amakwirira mokalika monse. Imani kutsidya kwa msewu. Jambulani mbali yabwino yokha, ndipo kumene kuli dzimbiri kuimike moyandikana ndi mpanda. Boneti ikhale yotseka, ngati kuti m'katimo mukugona mlendo. Foni yogulitsa ijambuleni sikirini ili yozima, mng'alu wa pakona mutauphimba ndi chala chachikulu. Nsapato muionetse pamwamba pokha. Wogula nsapato amafuna kuona kunsi, kumene kumanena ulendo umene yayenda, ndiye kunsiko kukhale chinsinsi chanu. Pa jekete, kapepala ka saizi ndi m'khwapa nzosafunika. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo ogula onse mwambiwu anaumva ali ana. Ntchito yanu ndi kuwapatsa mkuyu wosalala kwambiri mpaka aziona nyerere kumene kulibe.

Koma njira imene ine ndimaiona kuti ndi yaulemu kuposa zonse ndi kusajambula nkomwe. Pitani pa intaneti, pezani chithunzi cha kampani imene inapanga chinthucho, chili chatsopano, choyera mbee, muike chimenecho. Pansi mulembe kuti “yoyendako pang'ono.” eBay inaletsa zimenezi pa katundu wogwiritsidwapo kale ntchito, pomwe mu 2013 inakhwimitsa malamulo a zithunzi, koma pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp palibe wokugwirani dzanja. Ngati galimoto yanu inachokera ku Japan, muli ndi mwayi woposa: ikani zithunzi zomwe zija munaionera poigula. Zilibe kanthu kuti papita zaka zitatu ikunyamula anthu pakati pa Area 25 ndi m'tauni. Wogula akaona galimoto yoti ili ku Lilongwe koma kumbuyo kwake kukuoneka chipale chofewa ndi zikwangwani za Chijapani, amamvetsa msanga mtundu wa munthu amene akuchita naye malonda. Achinyamata ena amalowetsa chithunzicho mu Google Lens nkuchipeza pamasamba ena makumi awiri, kenako nkuchenjeza gulu lonse. Akatero akugwirirani ntchito.

Za malo ojambulira sitichedwapo. Nsalu yoyera kapena khoma lopanda kanthu zimachititsa diso kulunjika pa katundu, ndiye sankhani chitenje cha maluwa akuluakulu, makamaka ngati chinthucho nchaching'ono. M'chithunzimo mukhalenso beseni la zochapa, mwana akulira, ndi nkhuku, kuti wofunsa ayambe wafunsa chimene chikugulitsidwa. Pafupi musaike bokosi la machesi, tepi yoyezera, kapena chilichonse chothandiza kudziwa kukula kwake. Mphika wa banja la anthu awiri ndi mphika wa pamaliro zizioneka chimodzimodzi.

Zinthu zonyezimira zili ndi mphatso yakeyake. Ketulo, galasi la kabati, chitseko cha uvuni, zonsezi zimajambula wojambula. Ogula a pa eBay akhala akuseka kwa zaka zambiri zithunzi za ogulitsa amene anaonekera m'katundu wawo asanavale, ndipo zithunzi zotere zimayenda dziko lonse katunduyo ali pomwepo. Sitikukuuzani kuti mufike pamenepo. Vesiti yong'ambika ndi thaulo m'chiuno nzokwanira, bola mimba ioneke bwino pambali pa ketuloyo.

Mukamaliza kujambula, chithunzi chisapite chili chomwecho. Chipakeni fyuluta mpaka diresi yofiirira isanduke yofiira. Lembanipo nambala zanu zonse ziwiri, ya Airtel ndi ya TNM, ndi zilembo zikuluzikulu zachikasu, modutsa pakati pa katunduyo. Kenako chitumizeni kwa mlamu wanu pa WhatsApp, amene amafinya zithunzi kuti zisadye bandulo. Iye ajambule sikirini yake akubwezereni, inunso mujambule sikirini yanu. Chikazungulira katatu chimafika pamlingo woyenera, chili ndi chizindikiro cha batire pamwamba ndi mizere yakuda m'mbali. eBay imakana chithunzi chimene mbali yake yaitali sikwana mapikiselo 500, choncho ngati mukugulitsa kumeneko, lekezani pa 500 yeniyeniyo. Chithunzi chachafufumimba, kapena chogona cham'mbali, chimathandizanso: munthu amene wapendeketsa khosi kuti aone njinga yanu sakhalitsa. Ndipo ngati mwa zithunzi zanu muli chimodzi chimene chinatuluka bwino mwangozi, chisakhale choyamba. Choyambacho ndi chimene chimaoneka kakang'ono pamndandanda, pamene chala cha wogula chimasankha kuima kapena kupitirira.

Padzapezekabe wina wouma mutu amene adzalemba kuti, “Bwana, tatumizaniko zithunzi zina, makamaka za injini ndi kunsi.” Ameneyu ndi woopsa, chifukwa ali ndi ndalama. Ongodutsa safunsa za kunsi. Muyankheni mawa lake, ndi mawu amodzi: “Inbox.” Akabwera ku inbox, mutumizireni chithunzi chomwe chija. Akaumirira, muuzeni kuti galimoto ili kwa achimwene ku Salima, kapena kuti ofuna zenizeni amabwera kudzaona okha, ndipo ngati ali wotsimikiza ayambe watumiza kangachepe pa Mpamba. Sadzakuvutitsaninso.

Pali chenjezo limodzi, ndipo ndi la inu amene mwaika katundu pa okushoni yeniyeni, ya nthawi yowerengeka, kumene wotchula mtengo waukulu nthawi ikamatha ndiye mwini. Kumeneko chithunzi choipa sichiteteza katundu kotheratu. Chimathamangitsa anthu wamba amene akanapikisana nkukweza mtengo, koma chimasiya mtundu wina wa ogula umene umachita kusakasaka zithunzi za mbuu ndi maina olembedwa molakwika. Anthu amenewa amadziwa kuti kuseri kwa chithunzi choipa nthawi zina kumakhala katundu wabwino wa munthu waulesi, ndipo poti palibe wolimbana nawo, amadikira masekondi omaliza nkumutenga pamtengo wa bonya. Mukatero mwataya zonse ziwiri, katundu ndi ndalama. Kukacha, yemweyo amamupukuta, kumuika pakhonde pa nsalu yoyera, kumujambula mbali zonse pamodzi ndi kachilema kaja, nkumugulitsa pamtengo umene inu munkauopa.

Choncho musaiwale kuika mtengo woyambira wokwera, woposa wa chatsopano m'sitolo. Zikakanikabe, wina nkugula ndithu, musataye mtima. Pa eBay wogula amene walandira chinthu chosiyana ndi chimene chinaonetsedwa ali ndi ufulu wochibweza nkulandira ndalama zake, ndipo diresi yofiira ija ikafika ili yofiirira, idzabwerera kwanu. Mudzangolipira ya positi.