Mkuyu wa Holbein ndi nyerere zake

Makolo amene ananena kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere sanaionepo Facebook, komabe zikuoneka kuti ankamudziwa kale mnyamata uja amajambulitsa atatsamira galimoto ya eni.

Matendawa ndi akale. Mu 1539 Mfumu Henry VIII ya ku England, itafedwa mkazi wachitatu, inatuma mmisiri Hans Holbein ku Germany kuti akajambule Anne wa ku Cleves. Chithunzicho, chomwe lero chili ku Louvre mumzinda wa Paris, chinaonetsa namwali wofatsa, manja atawasanjika pamimba. Mfumu inavomera. Itakumana naye ku Rochester pa 1 Januwale 1540, nkhope inagwa. Ukwati anamangitsa pa 6 Januwale, pofika Julaye unali utatha, ndipo mwezi womwewo Thomas Cromwell, nkhoswe ya banjalo, anadulidwa mutu. Wojambula uja anapitiriza ntchito yake bwinobwino.

Ku Windsor amasunga nkhope pafupifupi 80 zimene Holbein anajambula ndi choko papepala. Ina ndi ya Richard Southwell, ya mu 1536: chibwano chotukula, milomo ili psiti, maso kumbali, zipsera pakhosi. Oiona lero amapukusa mutu, amvekere, "Taonani maso achinyengowo!" Amatero chifukwa anamva kale kuti patapita zaka 10 bamboyu ananenera mnzake Henry Howard, yemwe anaphedwa mu 1547. Akanakhala kuti anamanga chipatala cha ana amasiye, chibwano chomwecho bwenzi akuti n'cha munthu wolimba mtima. Nyererezo amachita kubwera nazo okha m'thumba.

Holbein mwiniwake za mtima wa Southwell sanalembepo kanthu. Pambali pa pepalalo anangolembapo m'Chijeremani kuti maso ndi achikasu pang'ono, kuti asadzaiwale posakaniza penti.

Nanga pa ukwati uja, mkuyu anali ndani? Henry VIII, yemwe Holbein anamujambula atatangadza miyendo, chifuwa ngati chitseko, anali ndi chilonda chosapola pamwendo, ndipo akazi ake awiri anawadulitsa mitu. Anne sanalimbane naye. Anavomera kuti banja lithe, analandira nyumba zachifumu ndi ulemu wotchedwa mlongo wa mfumu, n'kumadya phee. Anamwalira mu 1557, Henry ndi akazi ake ena onse asanu atatsogola kale.