Mtanda wa m'galasi la mfuti

Tiyambire ku Luangwa, kumene alenje a ziphaso amabwera ndi mfuti zokhala ndi galasi pamsana. Mlenje wina adauza a Zulu, mkulu wa mpingo amene amalondola mapazi a nyama, kuti asuzumiremo. A Zulu adaona nswala, pachifuwa pake pali mtanda. Adavula chipewa msangamsanga. "Bwana, sungani chipolopolo chanu. Iyi idatisiya kale, abale ake aiikira ndi mtanda womwe."

Ku Polokwane, achimwene ena a ku Dedza adatumidwa ndi abwana awo kukagula galasi. Wogulitsa adatulutsa la duplex, lija a Leupold adayamba kupanga mu 1962, la mizere yonenepa m'mbali koma yowonda pakati. Achimwene adapenyetsetsa, n'kupukusa mutu. "Ili chiswe chadya kale pakatipa. Nditsitsireni mtengo."

Wogulitsa adabweretsa lina la owombera kutali, la timadontho tofalikira pansi ngati nthambi, lomwe amalitcha mtengo wa Khirisimasi. Achimwene adakankhira uko. "Abwana amasaka mu June. La miyezi inayo mulibe?"

Mphwanga wina adatenga la mil-dot, lamadontho ondondozana, dontho ndi dontho masentimita 10 pa mamita 100. Adalozetsa pa ngoma, n'kukhala chete nthawi yaitali. Atafunsidwa chomwe akudikira, adati: "Nyama iyi sindingadye ine. Nkhupakupa zake zachita kufola ngati ana a sukulu."

Za maminiti ndiye musanene. Owombera chandamale amayeza ndi MOA, kapena kuti maminiti, ndipo miniti imodzi ndi pafupifupi masentimita 3 pa mamita 100. Njiri itatulukira patali, mphunzitsi adanong'oneza a Mbewe: "Kwezani maminiti awiri!" A Mbewe adanyamula mfuti pamwamba pa mutu, maso pa wotchi. Njiri idadya, idakanda msana pachulu, idapita. "Akwana awiri aja, aphunzitsi. Nditsitse?"

Mdzukulu wina adafotokozera agogo ake kuti William Gascoigne wa ku England adatulukira nzeru ya timizereti cha m'ma 1640, kangaude atamulukira ulusi m'chipangizo chake choonera nyenyezi, ndipo kwa zaka zambiri anthu ankapanga timizereto ndi ulusi wa kangaude. Atatchula mtengo wa galasi limodzi, agogo adathamangira m'khitchini n'kulanda tsache mpongozi wawo. "Siyani kudengako! Mukusesa penshoni yanga!"

Atsibweni anga adabweza galasi lina lomwe mtanda wake umakulira limodzi ndi nyama ukamakokera pafupi. Akuti atani? "Ndidagula uli kamwana, lero wadzaza galasi lonse. Pofika chaka chamawa ndiusunga kuti?"

Tsiku lomwelo adapotokola la mnzawo mpaka pa 12, njati n'kudzaza diso lonse. Mfuti uko, iwo mumtengo. Mnzawoyo adakuwa: "Tsikani, ili pa mamita 300!" Atsibweni adakumbatira nthambi. "Yambani mwaibweza kaye komwe idali!"

Ndiye pali a Nkhoma, amene adagula la kadontho kofiira koyaka ndi batire. Kachisisira, gwape ali poyera, kadontho kaja thii, kuzima. A Nkhoma adatsitsa mfuti modekha, n'kukhala pansi pa chitsa. "Tidikire, anyamata. Kwathu amayatsa 10 koloko."