Nyumbayi Ili pa Inshulansi

Mvula yoyamba ya Novembala ku Area 25 sidziwa kuodira. Imatsogoza chimphepo chonyamula majumbo, kenako matalala amasambwadza denga mphindi zochepa n'kuleka. Ikangokata, anthu onse amatuluka kukayendera madenga a anzawo. Lakwawo akaliona pobwerera.

Tsiku limenelo chigulu chinathera pageti pa madala ena opuma ntchito ku Capital Hill. Malata angapo a nyumba yawo anali atasamukira kwa aneba, otsalawo atafinyikafinyika. Amayi anayamba kupepesa ngati pasiwa, koma madalawo manja ali m'thumba, akumwetulira.

"Musadandaule anthuni. Nyumbayi ili pa inshulansi."

Anakweza mawu dala kuti amveke mpaka kwa alendi a mpanda wachitatu. Ambirife inshulansi timadziwa ya galimoto, poti ndi lamulo ndipo apolisi apamsewu amasuzumira kapepala pagalasi. Ya nyumba amakhala nayo anthu amene banki inawaumiriza potenga ngongole. Choncho pofika madzulo, madala anali atakwezedwa kukhala abwana.

M'mawa kalipentala wa ku Mchesi anatulukira asanaitanidwe, pensulo ili kukhutu. Anakwera, nayenda padenga, naimba kaluzu kachisoni. Atatsika anafunsa motsitsa mawu: "Bwana, kotesheniyi ikhale ya inuyo kapena ya inshulansi?" Mitengo imeneyi ndi iwiri, ndipo sigwirizana ngakhale pa kilo ya misomali. Atamva kuti kampani ikufuna makotesheni atatu a amisiri osiyana, sanatekeseke. M'chikwama chake munali mabuku atatu a malisiti ndi zidindo zitatu. Yachitatuyo analemba ndi dzanja lamanzere.

Ku Malangalanga wasitolo anawafunsa madala geji ya malata. Madala anati 32, poganiza kuti nambala yaikulu ndiye lata lolimba. Anthu a pamzere anaseka: 28 ndiye wokhuthala, 32 ndi uja amapindika mwana akaponyapo mango. Mtengo unalembedwa, wasitolo n'kuonjezera kuti, "Uwu ndi wa lero, bwana. Za mawa tionana mawa." Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kotesheni imakalamba munthu asanakwere minibasi.

Kuofesi ya inshulansi anawalandira ndi ulemu wosefukira. "Takulandirani bambo, khalani pansi. Pepani ndi zimene zaonekazi. Pepala la mgwirizano mwabwera nalo?" Pepalalo linakapezeka m'sutikesi ya mayi kunsi kwa bedi, pamodzi ndi mtchatho, litanyowa ndi mvula yomweyo. Anapemphanso zithunzi za malata ouluka. Madala atapita kwa aneba kukajambula, anapeza nkhuku zili m'khola latsopano lofolera bwino.

"Achimwene, malatawa..."

"Awa? Anagwera pabwalo panga, bambo. Ine sindinawaitane."

Munthu wodzaunika zoonongeka anafika patapita masabata, nsapato zikuwala, ndipo madala anamuphera nkhuku. Anadya bwinobwino, nasamba m'manja, nakwera makwerero, n'kuyamba kupala lata ndi kiyi wa galimoto.

"Bambo, dzimbiri ili si la matalala. Ndi ukalamba. Ukalamba sitilipira."

"Nanga ofinyikawo?"

"Akudontha?"

"Ayi."

"Ndiye denga ndi limenelo, bambo."

Masamu enieni anadzawaona m'kalata. Madala analembetsa nyumba yawo pa K20 miliyoni mu 2021, ndipo chaka chilichonse ankangolipira pa mtengo womwewo, akudzitama kuti ndi ochenjera. Wounika uja anati kumanganso nyumba yotero lero n'K60 miliyoni. Ndiye kuti chimene chinali pa inshulansi ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a nyumbayo, ndipo kampani ilipira gawo lomwelo la chilichonse choonongeka. Pa K3 miliyoni imene anavomereza, madala ayembekezere K1 miliyoni, kuchotsaponso kandalama kamene mwini nyumba amayenera kudzilipirira yekha pa ngozi iliyonse. Zonsezi zinalimo m'pepala lonyowa lija, m'timalemba timene munthu wopuma ntchito sangawerenge popanda kubwereka mandala. Kunena zoona, kampaniyo sinabe kanthu. Kalipentala anakoka chingwe kukwera, wounika anakokera kutsika, aliyense akudziwa bwino zimene mnzake wachita, ndipo onse anatsanzikana ndi madala mogwira m'manja.

Pamenepo n'kuti a khonsolo atadutsa kale kulemba maina a ogweredwa tsoka, kuti alandire thumba la chimanga ndi pulasitiki yofolera kuchokera ku DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Alendi a mpanda wachitatu analandira. Amfumu a m'dera atafika pageti pa madala anangodutsa. "Awa asiyeni, ali pa inshulansi. Ananena okha."

Mbiri nayo inali itayenda. Ku bawo anzawo anasiya kugula zakumwa, akuti tidikire zituluke. Mkulu wa mpingo anawachezera kawiri, n'kuwakumbutsa mwachikondi za chakhumi. Kumudzi ku Dedza ndalamayo inakafika ili K30 miliyoni.

Itatuluka, inakwana malata a geji 32 ndi misomali, ya kalipentala osatsalapo. Loweruka m'mamawa madala anakwera okha padenga, mnyamata wa pakhomo akuwapatsira malata. Cha m'ma 9 koloko pageti panamveka odi. Anali alamu awo a ku Dedza, atanyamula chikwama cha zovala ndi kapepala ka mitengo ya feteleza.

"Mlongo, tamva kuti zatuluka. Alamu alipo?"

"Atsikira m'tauni, achimwene," anatero mayi, hamala ikulira pamwamba pa mitu yawo.

Alamuwo anayang'ana kudenga, nayang'ana mlongo wawo, n'kukoka mpando.

"Palibe kanthu. Ndiwadikira. Ndabwera ndi zosinthira."