Tiyi wakuda ali m'munda, ndi nkhani zina za zingwe

Pa Bvumbwe laputopu sizisowanso. Chimene chimasowa ndi chingwe choti chithunzi chichoke pa laputopupo chikaonekere pa sikirini yaikulu. Pali cha VGA, chija chamutu wabuluu, mano 15 m'mizere itatu ndi zomangira ziwiri m'mbali. Anachiyambitsa a IBM mu 1987 koma mpaka lero sichinapume pantchito. Palinso cha HDMI, chamutu wophwatalala, chimene chimanyamula chithunzi ndi mawu pamodzi. Ziwirizi sizimvana chiyankhulo, ndipo ovutika ndi ife.

*

Kalaliki wa pa esiteti ina ya tiyi anauzidwa kuti aonetse alendo zithunzi za m'minda. Chingwe cha VGA anachikankha mwamphamvu ali pachangu, dzino limodzi n'kupindika. Tsono chingwe chimenechi chimatumiza mtundu wofiira, wobiriwira ndi wabuluu, uliwonse padzino lake, ndipo lopindikalo linali la wobiriwira. Chithunzi chitatuluka, mitambo ya pa phiri la Thyolo inali ya pinki, munda wonse uli bii.

Bwana anaimirira thukuta lili kamukamu. "Imbirani a kafukufuku wa tiyi ku Mimosa, ku Mulanje! Matenda anji amenewa?"

Kapitawo wachikulire anayang'anitsitsa, kenako anati, "Bwana, musaimbe. Tiyi wada yekha ali m'munda. Fakitale tingoitseka, nkhuni zija tigawane."

Dzinolo analiwongola ndi kampeni ka mlonda, tiyi n'kuchira pompo.

*

Banja lina linasonkhana kuti lionere vidiyo ya chinkhoswe. Mnyamata wa ku koleji analumikiza laputopu ku TV ndi chingwe cha VGA, osadziwa kuti chimenechi mawu sichinyamula, amafuna kachingwe kawokawo. Sipika za laputopuyo zinali zitafa kalekale. Pa sikirini panaoneka ankhoswe akuchimuna, aja anayankhula mpaka mpunga kuzizira, akutambasula manja, kuloza kumwamba, kugwedeza mutu, koma zii.

Mnyamata anayamba kupepesa. Azakhali anamugwira mkono.

"Usakonze, mwanawe. Chingwe chimenechi chinali kuti tsiku la chinkhoswe?"

*

Aphunzitsi ena anakwera minibasi kukagula ku Limbe kachida kosinthira, kaja kokhala ndi HDMI mbali ino, VGA mbali inayo. Laputopu yawo ndi yakale ya VGA, TV ndi yatsopano ya HDMI. Atafika kunyumba, palibe chinaoneka. M'mawa mwake anabwerera atakwiya.

Wogulitsa anawafotokozera modekha. VGA ndi analogi, imatumiza chithunzi mwa mphamvu ya magetsi yokwera ndi kutsika. HDMI ndi dijito, imatumiza manambala. M'kachidako muli kachipu kotanthauzira, ndipo kamagwira mbali imodzi yokha: kamene anagulako kamatenga HDMI kusandutsa VGA, osati kubwerera.

"Ndiye bwanji simunandiuze?"

"Aphunzitsi, mukanandifunsa ngati mmene munafunsira kondakitala. Iyi ndi minibasi yopita ku Thyolo, inu mumafuna ya ku Limbe."

Kobwererako kanalipo, kodula kuposa koyamba, ndipo kamafunanso kudya magetsi a pa USB. Aphunzitsi anawerengetsa thiransipoti ya maulendo awiri, anapeza kuti kachidako kadya ndiwo za sabata yonse.

*

Pa makompyuta a Windows, mukadina batani lokhala ndi chizindikiro cha Windows pamodzi ndi P, mumasankha ngati sikirini yachiwiri ionetse zomwezo kapena ikhale malo oonjezera. Msungichuma wa mpingo wina sanasankhe kanthu, choncho zonse za pa laputopu yake zinali pakhoma. Ali mkati mofotokoza kuti ndalama za malata zili bwinobwino, pakona panatulukira uthenga wa pa WhatsApp, zilembo zake zazikulu moti ngakhale agogo a kumbuyo anawerenga: "Madala, katapila uja ndi lero."

Abusa anatsokomola. Mayi wina wa chigwirizano anakweza dzanja.

"Pepani a msungichuma, tabwezani kaye pamenepo. Peji imeneyo ndiye tayimvetsa."

*

Mlembi wina anasankha malo oonjezera mosadziwa. Kamuvi ka mausi kakafika kumapeto kwa laputopu kankasowa, n'kutulukira pa TV imene inali kumbuyo kwake. Anakasaka pansi pa tebulo.

*

Ubwino wa analogi, kunena zoona, ndi woti imadwala pang'onopang'ono. Chingwe chikatalika kapena kutha, chithunzi chimachita mbuu, anthu amaoneka awiriawiri, koma mpira mumaonerabe. Dijito ilibe chifundo chotero: ikakana imaphethira kawiri, kenako mdima.

Mu holo ina ya vidiyo kuseri kwa msika, mwini wake analowetsa chingwe pa HDMI 2 pamene TV imadikira pa HDMI 1. Anthu atalipira kale, bokosi lolembedwa kuti No Signal linkangoyendayenda pa sikirini. Anapemerera chingwe, anamenya TV m'mbali, anathamangitsa mwana amene ankati adine batani la Source pa rimoti.

Gogo wina wogulitsa kabichi, amene anangolowa pothawa chiperoni, anafunsa mnzake, "Kodi No Signal ameneyu ndi wa ku Nigeria? Kwa mwana wanga ku Bangwe amamuoneranso. Koma mpaka pano sanakwatirebe?"