Kodi bowo la singano limapita kuti?

Tsiku la sikelo kuno ku Kasinje, mlangizi wa zaumoyo amazondotsa kabotolo ka katemera, n'kubaya labala wa pakamwa pake, n'kupopa mankhwala. Mwana wina akafika, mlangiziyo amatenga singano yatsopano n'kubayanso labala yemweyo. Kabotoloko kali chozondoka, koma ngakhale dontho siligwa. Funso langa ndi lachibwana, komabe limandivuta: bowo lija limapita kuti?

Chandikumbutsa funsoli ndi nkhani ya vinyo. Ku America kuli mkulu wina dzina lake Greg Lambrecht, katswiri wopanga zipangizo za m'chipatala. Mkazi wake ali woyembekezera anasiya kumwa, ndipo iye sankafuna kutsegula botolo lathunthu chifukwa cha tambula imodzi, poti vinyo akakumana ndi mpweya amayamba kusintha kukoma, kenako amasasa. Ndiye anaganiza zobaya chotsekera cha botolo ndi singano. Chipangizocho, chotchedwa Coravin, chinafika pamsika mu 2013, pamtengo wa madola pafupifupi 300.

Singano yake ndi yamphako. Imadutsa m'chotsekeracho, n'kulowetsa mpweya wa argon, umene umakankha vinyo kuti atulukire m'singano momwemo. Nanga bwanji osangopopera mpweya wamba? Chifukwa mu mpweya umene timapumawu muli okosijeni, mdani wa vinyo. Argon alibe fungo, ndipo sasintha chimene wakhudza. Apa ndamva. Koma singano ikazulidwa, zoona chotsekeracho chimatsala chilibe bala?

Chotsekera cha vinyo wambiri wabwino ndi khungwa la mtengo wa cork oak, umene umamera kwambiri ku Portugal ndi ku Spain. Pafupifupi theka la khungwa lotere padziko lonse limachokera ku Portugal. Mtengowo sagwetsa ayi. Amauyembekezera zaka pafupifupi 25, n'kuusenda, kenako amausendanso zaka 9 zilizonse. Mu 1665 Robert Hooke anafalitsa zimene anaona atayang'ana kachidutswa ka khungwali pagalasi lokuza zinthu: tizipinda tating'onoting'ono tothithikana. M'kachidutswa ka sentimita imodzi mbali zonse muli tizipinda pafupifupi 40 miliyoni, todzaza mpweya. Tikapanikizika timafinyika, tikasiyidwa timafufumanso. Singano ya Coravin ija nsonga yake ndi yotseka, bowo lili m'mbali, choncho sibudula kanthu. Imangopatula njira, ndipo ikatuluka khungwa limabwererana. Pamwamba pamatsala kadontho kofiira kamodzi, kapena kachizindikiro kamene ungakaone utayang'anitsitsa.

Nanga chitsononkho chimene timatsekera botolo la kachasu chingatero? Ayi, icho ukachibowola chabowoka basi, chifukwa sichibwerera. Ndipo ndadabwa kumva kuti zotsekera za pulasitiki, zimene amazipanga mofanana ndi khungwa, nazonso sizibwerera. Eni chipangizocho amanena okha kuti zoterezi ukazibaya sizitsekekanso. Mabotolo a chivindikiro chachitsulo chopotokola amafuna chivindikiro china chapadera.

Tsono ngati khungwa lenileni limabwerera, limabwerera kangati? Apa ndi pamene ndikuona kuti anthu amathamangira kukhulupirira. Khungwa limakalamba. Likakhala zaka zambiri pabotolo limauma kapena kufumbutuka, ndipo singano ikhoza kulikankhira m'kati kapena kusiya njira yosatsekeka. Likazizira kwambiri limachedwa kubwerera. Chifukwa cha kukalamba kwa khungwaku pali singano yopyapyala ya mabotolo akale, ngakhale vinyo amatuluka pang'onopang'ono. Kodi munthu amadziwa bwanji kuti chotsekera chatopa, poti mpweya ukamalowa suoneka? Amayamba wachidina ndi chala kuti aone ngati chikugwedera. Kupitirira apo, lilime ndilo limadzamuuza, mwina vinyo atawonongeka kale.

A zachipatala sadikira lilime, ndipo ine ndawalemekeza pamenepa. Malangizo a bungwe la WHO amalola kuti katemera wina, kabotolo kake kakabayidwa, agwiritsidwe ntchito mpaka masiku 28, pokhapokha ngati wasungidwa pozizira bwino ndipo tsiku lake silinathe. Koma wa chikuku ndi wa BCG, akasungunulidwa, amatayidwa pakatha maola 6 kapena sikelo ikatha. Bwanji, poti labala ndi wofanana? Chifukwa chimene chili m'kati n'chosiyana: wina ali ndi mankhwala oletsa tizilombo kuswana, wina alibe. Bowo kutsekeka ndi nkhani ina, chimene chinalowa pobaya ndi nkhani inanso. Singano ya vinyo nayo imafuna kutsukidwa, ndipo mpweya wotsalira m'menemo uyenera kutulutsidwa kaye usanabaye.

Funso limodzi latsalabe pamtima. Vinyo amene amagulitsidwa m'masitolo a ku Ntcheu ndi ku Lilongwe, wambiri wochokera ku South Africa, nthawi zambiri amakhala wa m'katoni kapena wa chivindikiro chachitsulo. Kodi singano ya madola mazana angapo ingamuthandize chiyani? Ine ndikuona kuti chipangizochi ndi cha malo odyera akuluakulu amene amagulitsa vinyo wodula tambula imodziimodzi. Inu amene mungachigule, yang'anani kaye pakamwa pa botolo lanu. Ngati si khungwa lenileni, kapena ngati khungwalo lafumbutuka, musabaye.