Kaundula wa zomwe kafukufuku wa utsi watidyera

Nyumba ya pa laini, esiteti ya tiyi, Thyolo. Mwezi wa Febuluwale.

ZOTULUKA

Lolemba. Alendo 3 a ku yunivesite ina, pa galimoto yoyera. Akuti apatsidwa kandalama koyesera kuti aone ngati utsi wa m'khitchini ukutidwalitsa. Zikayenda bwino akapempha zambiri. Tiyi makapu 3, shuga masupuni 7. Masamba ake ndi ogula pagolosale, ngakhale wotchola ndine.

Tsiku lomwelo. Kundiwerengera fomu yovomereza, maola 2. Ino ndi nyengo ya mvula, tiyi akuphukira usiku ndi usana, ndipo kusikelo kapitawo salemba makilogalamu a mafunso. Dengu limodzi ndi theka.

Lachiwiri. Msomali 1 wopachikira kamakina koyezera utsi. Bambo akunyumba anauzula pachitseko cha bafa. Chitseko pano tikutsekera mwala.

Lachitatu. Nkhuku 1. Anati tiziphika monga mwa masiku onse, koma apongozi anati mlendo wobwera pa galimoto sadya chigwada. Kamakina kanayeza utsi wa nkhuku, womwe nyumba ino imauona pa Khirisimasi pokha.

Lachinayi. Nkhuni mtolo 1, zonyowa, zogula. Bulugama ali poteropo, koma ndi woumitsira tiyi kufakitale, ndipo ali ndi mlonda wake.

Lachisanu. Mpweya wanga, kuuzira m'kapaipi maulendo 8 mpaka chizungulire. Mtengo wake sindinaupeze.

Loweruka. Sopo theka, kuchapa diresi la kutchalitchi chifukwa anati ajambula. Anajambula mafuwa.

ZOLOWA

Ndalama ya thiransipoti mu envelopu. Sindinapite kulikonse. Yagula shuga uja.

Mpando wa kutsogolo m'galimoto, kwa mwana wamkulu, mphindi 5. Akuti akamaliza Fomu 4 akufuna yunivesite ya MUST, ya ku Ndata kwathu konkuno, yomwe inatsegulidwa mu 2014. Izi ndazilembanso kumbali ya zotuluka, tsiku ndi mtengo ndasiya posalemba.

Nkhani 1, yaulere. Mtsikana wonyamula mafomu anati ku Chikwawa ndi ku Karonga kunachitika kafukufuku wamkulu, wa ana oposa 10,000. Mabanja analandira mbaula zokhala ndi kafani kochajira sola, koma zotsatira za mu 2016 zinaonetsa kuti chibayo mwa ana sichinatsike. Ndinamufunsa kuti nanga mbaulazo anazisiya konko? Anati ife tikadali pa zoyesera, za mbaula ndi gawo lachiwiri.

ZOTSALA

Kutsokomola kwa wamng'ono: kulipo, monga mwezi watha.

Mwaye kudenga: womwewo, koma tsopano uli ndi nambala mu kompyuta.

Msomali: anausiya pakhoma, akuti ndalama zikatuluka abweranso. Bambo akunyumba akufunsa ngati tingaubwezere kubafa podikira.